Dzanja Lotseka Chitseko

Nyengo yonse ya mvula Tuhina Pal anakhala akudula mayi wina m'filimu, pang'onopang'ono, monga mmene munthu amachotsera minga m'nsomba ya ilish. Sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti tsiku lina mayiyo adzakwera masitepe ndi ndodo yake n'kukhala pampando wakutsogolo kuti aonere.

Gulu lawo linkachita chionetsero kamodzi pachaka, m'holo ya pamwamba pa sitolo ya maswiti, m'kanjira kena kothina kumpoto kwa Kolkata. Ankadzitcha atelala. Telala amatenga filimu imene amaikonda, n'kuidula tizidutswa, n'kuisokanso motsatira nyimbo ina, mpaka filimuyo itanena zimene eni ake sanafune kuti inene. Apolisi awiri amene m'filimu amangogwirana paphewa, akatuluka m'manja mwa telala amakhala akuyang'anana ngati anthu oti mawa akukaonekera kwa makolo. Chilolezo panalibe amene ankapempha. Koma anali ndi malamulo awo, ndipo ankawasunga kuposa mmene ena amasungira kusala kudya. Magetsi akazima palibe kuyankhula. Palibe kuwomba m'manja mpaka tsamba la mayina litatuluka kumapeto. Ndipo patsambapo telala atchule chilichonse chimene watenga, filimu, nyimbo, osewera. Chimene waba, chitchule.

"Mumzinda muno akuba alimo ambiri," ankatero Zeba, "koma osiya dzina pakhomo ndife tokha."

Zeba anali mkazi wokonza makompyuta kumsika wa Chandni, ndipo pa tsiku la chionetsero ndiye ankayendetsa makina. Ankakhala ndi Tuhina m'nyumba imene Tuhina anasiyiridwa ndi amayi ake. Kwa abale, kwa aneba ndi kwa wogulitsa mkaka, Zeba anali wa lendi, ndipo anakhala wa lendi mpaka imvi zinayamba kumera. M'mawa Tuhina ankayatsa lubani pakashelefu ka milungu ya amayi ake, Zeba akuyala mkeka wake wopempherera m'chipinda china, ndipo amene wayamba kumaliza ndiye ankatereka tiyi.

Kakanema ka Tuhina ka chaka chimenecho kanali mphatso ya Zeba, ndipo Zeba anali asanakaone. Tuhina sanali munthu wa mawu. Kusitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito, tsiku linkatha ndi "kawiri patsiku, mutadya." Zimene pakamwa panalephera kunena zaka zonsezo anazisoka m'kanyimbo kamodzi. Anatenga filimu yakale yopanda mitundu, ya akuba awiri a ku Chitpur, Haru ndi Nitai, amene amalimbirana mtsikana wovala chibangili cha golide. Anachotsamo mtsikanayo. Paliponse pamene Haru ankayang'ana mtsikana ndi maso a ludzu, tsopano ankayang'ana Nitai. Chokhacho chimene sanathe kuchotsa ndi manja a mtsikanayo, chifukwa chibangili chinali pamkono, ndipo popanda chibangili akuba sakhalanso ndi chobera.

Lamlungu la chionetsero masana, dzuwa la Epulo likusungunula phula mumsewu, Tuhina anaima pakhomo la holo kukamwa kuli yasa. Pakhoma panali chinsalu chachikulu cha mitundu ya utawaleza. Pamwamba panalembedwa mutu wa chionetsero, "Chikondi Choletsedwa, Umbanda ndi Dyera la Eni Chuma." Pansi pake panali chithunzi cha manja omwe aja a m'filimu, ndi dzina la sitolo ya golide m'zilembo zonenepa kuposa mutuwo.

"Tuhina, mlongo wanga, tabwera kuno." Anali Arghya Lahiri, wosanja chionetsero, mphunzitsi wa pakoleji amene ankavala mpango wa pakhosi ngakhale agalu a mumsewu akupuma lilime lili kunja. Onse ankamutcha Arghya-da, ngati mkulu wawo. "Pali kankhani kakang'ono ka ndale."

"Arghya-da, icho n'chiyani?"

"Icho? Ukumva kuzizira kumeneku? Icho ndiye kuzizirako. Chaka chatha anthu awiri anakomoka ndili pakati pa mawu anga otsegulira."

"Sikunali kutentha kuja, Dada," anatero Zeba akudutsa ndi mawaya.

Arghya-da anachita ngati sanamve. "Kuti tigwetse eni chuma tiyenera kukhala ndi moyo kaye. Nilmoni-babu, bwana mwini sitolo ya golide, walipira holo, makina oziziritsa mpweya, mpaka masamusa. Amatikonda kwabasi anthu ngati ife. Mwezi wonse wa Juni antchito ake amavala tizibaji ta utawaleza."

"Nanga Julaye amavala chani?"

"Zeba, kamange mawaya."

Kenako Arghya-da anatsitsa mawu. Nilmoni-babu akubwera ndi mlendo. Madhurekha Debi eniake, mtsikana wa chibangili uja, amene anthu ambiri ankayesa kuti anatisiya kalekale. Chionetsero chikatha adzavekedwa chibangili chatsopano cha m'sitolomo pamaso pa atolankhani, manja odziwika kuposa onse m'dziko la Bengal.

"Ndiye kakanema kako kaja," anatero Arghya-da akusisita mpango. "Ine ndimakakonda, ukudziwa, ndinakaika kumapeto dala. Koma taganiza. Gogo akhale kutsogolo, holo itadzaza, aonere filimu yake, iye mulibemo? Laputopu uli nayo. Bwezeramo nkhope, pawiri patatu. Apo ayi tikachotse, tidzaonetsa chaka chamawa."

"Ndikabwezera nkhope, Haru ayang'ananso mtsikana."

"Ayang'ane onse awiri! Imeneyonso ndi mfundo. Ndikhoza kuilankhulapo."

Tuhina anayang'ananso manja a pachinsalu aja. Za Nilmoni-babu ndi zibangili zake analibe nazo ntchito. Chimene chinamulasa ndi gogoyo. Amayi ake ankakonda Madhurekha Debi ngati m'bale, ndipo mpaka ukalamba ankathira tiyi atapinda mkono monga manja aja ankachitira m'filimu. Komanso Tuhina ankawadziwa okalamba. Ankawaona tsiku ndi tsiku pakauntala akubisa kunjenjemera kwa zala, akuseka pamene wachinyamata wawadumpha pamzere. Ankadziwa mmene nkhalamba imamezera manyazi, popanda madzi. Kodi mphatso yake kwa Zeba iperekedwe pamsana pa munthu wotero?

Mlendo anafika anthu asanadzaze. Nilmoni-babu anakwera patsogolo, foni kukhutu, mphete m'zala zonse kupatula zazikulu, osacheuka. Kumbuyo, pakati pa masitepe, kagogo kovala sari yoyera ya m'mphepete mobiriwira kanali kataima, kakupuma. Tuhina anatsika n'kupereka mkono.

"Gwirani apa, Mashima," anatero, kuwatchula monga amatchulira achemwali a amayi ake.

Dzanja limene linamugwira linali lalikulu, la zala zifupizifupi, lodzaza zipsera za mafuta otentha. Tuhina anali atayang'ana manja a m'filimu nyengo yonse ya mvula, zala zazitali zowonda zija, kachidontho kakuda patsinde pa chala chachikulu. Mumtima anati, Mayi Kali, mulungu wanga, ukalamba ndi telala wankhanza kuposa tonse.

"Aja athamangira chani?" anafunsa a Madhurekha akuloza pamwamba ndi ndodo. "Akuopa kuti ndiwagwera?"

"Ali pafoni, Mashima."

"Ali pafoni chichokereni kunyumba kwanga. Ndikuganiza kuti kulibe munthu kumbali inayo." Anakwera sitepe ina. "Akuti filimu ya akuba a ku Chitpur ilipo lero. N'zoona?"

"Ilipo... mbali yake."

"Basi, ndicho ndabwerera. Chibangili chawocho akhale nacho. Pali munthu amene sindinamuone pachinsalu chachikulu chiyambire pamene anagwetsa nyumba ya kanema ya kwathu n'kumangapo sitolo ya nsapato. Pafoni tinthu timaoneka ngati nyerere, ndipo maso angawa akulongedza katundu. Ndati ndimuone kamodzi asananyamuke."

Tuhina anawakhazika pampando, anawasendezera kampando kena kopondapo, n'kupita kuseri kwa chinsalu choonetserapo filimu. Ndiye kuti kuchotsa kakanemako sikukanathekanso. Gogo wabwera kudzadziona ali mtsikana. Anatsegula laputopu nayamba kubwezeramo nkhope.

Inali nkhope yokongola, palibe angakane. Koma itangolowa, zonse zinabwerera m'malo mwake ngati madzi. Haru anayang'ana mtsikana. Nitai anasanduka mnzake woseketsa wonyamula chikwama. Filimu inakhalanso ija imene eni ake anagulitsa, ndipo ya Tuhina inazimiririka.

Zeba anafika ndi tiyi m'kakapu kadothi. Anaika pafupi, maso atatembenuzira kukhoma kuti asaone mphatso yake nthawi isanakwane.

"Ukusoka chigamba?"

"Ndikuyesa."

"Chikukhala?"

"Ayi."

"Imwa tiyi, akuzizira. Makina a babu aziziritsa chilichonse muno." Anamugwira pang'ono pakhosi kumbuyo, monga ankachitira akapweteka mutu, n'kuchoka.

Tuhina anamwa tiyi. Anatseka maso n'kupemphera pemphero lalifupi la anthu osadziwa chopempha. Atatsegula maso anaona kuti zonse ziwiri zimene Arghya-da anamuuza zinali zochitira gogoyo kumbali, ngati mwana amene amubisira mankhwala m'nthochi. Anatseka laputopu, anapita kutsogolo n'kugwada pafupi ndi mpando wawo.

"Mashima, kakanema ka akuba ndinasoka ndine. Nkhope yanu mulibemo. Ndinaichotsa."

A Madhurekha anamuyang'ana ndi maso otuwa aja. "Wandidula."

"Eya, Mashima."

"Mwana wanga, anandidula eni filimu. Anandidula owunika mafilimu a boma. Anandidula a wailesi ya kanema kuti pakwane malonda a sopo. Iwe ima pamzere." Anagogoda ndodo pansi. "Wachotsa pangati?"

"Ponseponse. Mukanena mawu amodzi sindionetsa, kapena ndionetsa ina imene ndabwezeramo nkhope."

"Ndiye mwatsala chani mmenemo?"

"Akuba awiri aja. Ndi manja anu okha."

Gogoyo anayang'ana manja awo pandodo. Nkhope yawo inauma gwa.

"Manja okha," anatero. Kenako, osamuyang'ana, "Onetsa yoduladulayo."

Tuhina anabwerera kwa Zeba. Anthu ena akakwiya amafuna aone chipongwe chonse ndi maso awo, kuti adzakhale ndi chotukwanira.

"Iti?" anafunsa Zeba.

"Yoyamba."

Holo inadzaza. Panali ana a sukulu za ukachenjede a tsitsi lobiriwira, atelala akale amene anayamba kusoka nthawi ya matepi, amuna awiri a imvi amene chaka chilichonse ankabwera padera n'kukhala pamodzi, ndi atolankhani awiri amene maso awo anali pa masamusa. Arghya-da anaimirira n'kulankhula. Anati telala ndi mbala yopatulika imene imabwezera anthu zimene eni chuma anawabera. Anati chikondi chathu ndi mlandu, mlandu wathu ndi chikondi, ndipo golide ndi magazi a amphawi atauma. Apa Nilmoni-babu, amene anangomva mawu oti golide, anawomba m'manja yekha. Arghya-da anawerenga malamulo atatu aja, kutsindika lomaliza, magetsi n'kuzima.

Tikanema tinayamba. Kena kanali ka akazi awiri othyola mabanki, kosokedwa bwino moti chipolopolo chilichonse chinkagwera pa ng'oma. Kena kanali ka mabwana a m'mafilimu osiyanasiyana akudya, kungodya basi, nyimbo ya maliro ikulira. Kanali koseketsa poyamba, koma telala wake anaiwala kuti lumo limagwiranso ntchito kumapeto. Pakati pa kakanema ndi kanzake pankatuluka tsamba la sitolo ya golide lolonjeza kuchotsera mtengo kwa akwati.

Pa kakanema ka apolisi awiri aja, Nilmoni-babu anaweramira kwa Arghya-da n'kunong'ona monong'ona kwa anthu olemera, kumene kumamveka mpaka kumzere wachisanu.

"Awa ndi pachibale eti?"

"Pachibale cha mtundu wina, babu."

"Eya, ndimaona. Akukondana kwambiri. Masiku ano abale sakondana chonchi."

Kenako kanafika ka Tuhina.

Haru akuyatsa fodya, akukweza maso. Nitai akuseka, akuyang'ana pansi. Dzanja la chibangili likuthira tiyi m'makapu awiri. Haru akuthamanga padenga, Nitai akumugwira malaya kuti asagwe, ndipo pamene nyimbo ikukoka mpweya, dzanja la Nitai likuchedwa kusiya malayawo. Tuhina sanayang'ane chinsalu. Anayang'ana Zeba m'kuwala kwa makina, ndipo Zeba anali atagwira pakamwa. Anayang'ana kutsogolo, ndipo mutu woyera uja unali tsonga, osagwedezeka. Pachinsalu akuba awiri akulowa m'kachipinda, anyowa ndi mvula, ambulera imodzi yothyoka nthiti. Dzanja la chibangili likutuluka kumbali kwa chinsalu, likugwira chitseko, likuchitseka pang'onopang'ono kuwasiya awiriwo m'kati.

"Imitsa!"

Holo yonse inatsonya. M'mbiri ya gululo munthu anali asanayankhulepo mumdima, ngakhale chaka chimene khoswe anagwa kuchokera kudenga.

"Ndati imitsa. Iwe wa makina, bwezera m'mbuyo. Pachitseko paja."

Zeba anayang'ana Tuhina. Tuhina anagwedeza mutu kuvomereza, thukuta likutsika ngakhale munkazizira. Chinsalu chinabwerera n'kuima. Dzanja linadzaza khoma lonse, zala zazitali pathabwa, kachidontho kakuda kakukula ngati ndalama yachitsulo.

Arghya-da analumpha kukaima pakati, mpango ukuuluka, kuti apulumutse masamusa a chaka chamawa.

"Mlendo wathu wolemekezeka waona chimene tonse tiyenera kuona! Musaganize kuti telala wanyoza munthu, ayi. Dzanja ili si la munthu. Ili ndi dzanja la msika, limene limatsekera okondana m'chipinda chamdima. Lilibe nkhope chifukwa chuma chilibe nkhope. Ndinaliika kumapeto dala kuti..."

"Khala pansi, ukutchinga," anatero a Madhurekha. "Dzanja la msika! Limenelo ndi dzanja la Bokul."

Arghya-da anakhala pansi.

Gogoyo anakweza manja awo onse awiri m'kuwala kwa makina, ndipo mthunzi wake unagwera pachinsalu pambali pa dzanja lija, waufupi, wotambalala ngati wa munthu wokanda ufa.

"Anga ndi awa, ndipo anali chonchi ndili mtsikana. Mwini filimu anati nkhope ndi ya mfumukazi koma manja ndi a wophika, sangagulitse tikiti. Ndiye anakatenga kamtsikana kena pakati pa ovina a kumbuyo, amene amaoneka theka kuseri kwa mzati. Nkhope ikakhala yanga, manja ndi ake. Mafilimu onse amene munandionera. Ankamulipira mpunga wa masana, dzina sanamulembe ngakhale pamodzi." Anatsitsa manja. "Kachidontho ako anali akukabisa ndi ufa wodzola, iye n'kumakapukuta dala kamera isanayambe. Ankati, mwina amayi anga kumudzi adzandizindikira."

Mmodzi mwa atolankhani anaika samusa pansi. "Ndiye Bokul ameneyo ali kuti, Didi?" anafunsa, kuwatchula ngati mchemwali wake wamkulu.

"Ukufunsa lero? Nyuzipepala yako yomweyo inalemba chisanu chathachi. Kamzere kamodzi. Wantchito wokhulupirika wa Madhurekha Debi wamwalira." Anaseka kuseka kouma. "Wantchito! Wantchito wanji amene amakutukwana ukaiwala kumwa mankhwala? Wantchito wanji amene umamuphikira ndiwe, chichokereni m'filimu imeneyi mpaka tsiku lomaliza, ndi manja a wophika omwewa? Iye sankakhudza poto. Poyamba tinkati tikusunga manja a ntchito. Ntchito itatha anangozolowera, waulesi uja."

Amuna awiri a imvi aja anayang'anana. Panalibe telala amene anawasoka.

"Ndikaonera mafilimu amenewa," anapitiriza gogoyo, mawu atatsika, "ndimadikira nkhope yangayo ichoke. Imangoti tcha! pachinsalu, kuphethira, kulira, kuimba, ine ndikuti tachoka apo mayi iwe ndione munthu. Akangotuluka pang'ono, yabweranso. Lero mwana uyu wandichotsa panjira." Anatembenuka kufunafuna mumdima. "Uli kuti, wodula anthu iwe?"

"Ndili pano, Mashima." Mawu a Tuhina anatuluka ngati a munthu wodzuka kumene.

Nilmoni-babu anali ataimirira, kabokosi kofiira kali m'manja. Anayang'ana chinsalu cha utawaleza pakhoma, anayang'ana manja a gogoyo, anayang'ana atolankhani amene tsopano ankalemba mwachangu.

"Didi, izi tikanakambirana kunyumba. Ife tasindikiza kale zithunzi, zili m'misewu yonse. Manja odziwika kuposa onse m'dziko la Bengal..."

"Ndipo simunanama, babu. Ndi odziwikadi. Mukufuna kuwaveka chibangili? Tinawawotcha kumalo owotchera mitembo ku Nimtala, phulusa lili mumtsinje wa Ganga. Pitani pamlatho mukaponye, chikafika."

Mwana wina wa tsitsi lobiriwira anaphulika nako kuseka, kenako holo yonse. Nilmoni-babu anaika kabokosi m'thumba, anaika foni kukhutu ngakhale sinalire, n'kutuluka. Asanafike pansi pa masitepe, makina oziziritsa mpweya anatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Chikondi cha babu pa anthu ngati ife chinali ndi switchi, ndipo switchiyo inali m'manja mwa dalaivala wake.

"Malizitsa," anatero a Madhurekha kwa Zeba.

Chitseko chinatsekeka, nyimbo inatha, tsamba la mayina linatuluka. Dzina la filimu, la nyimbo, la osewera Haru ndi Nitai, ndi pansi pake, "Manja: Madhurekha Debi." Anthu anakweza manja kuti awombe, koma ndodo inagogoda pansi.

"Dikirani. Wa mpango uja anati lamulo lanu lomaliza likuti chani?"

"Chimene waba, chitchule," anayankha anthu angapo.

"Ndiye mwana wanga, iwenso waba ngati mwini filimu uja. Kusiyana kwake iwe sunadziwe. Tsopano wadziwa."

Tuhina anatenga laputopu, anakhala pansi pafupi ndi makina, Zeba akumuunikira ndi foni. Anafufuta dzina la gogoyo.

"Bokul ndani, Mashima?"

"Bokul Mondal."

"Tiwonjezere kuti mnzawo wa moyo wonse pa nkhondo yolimbana ndi..." anayamba Arghya-da.

"Kodi anali mkazi wanu, Didi? Tilembe choncho?" anafunsa mtolankhani.

"Lemba dzina lokha," anatero a Madhurekha kwa Tuhina, ngati enawo ndi ntchentche. "Zinazo ndi zanga."

Anaonetsanso kakanemako kuyambira pachiyambi. Kutentha kunali kutabwerera kale m'holo ngati mwini nyumba. Wina anatsegula mawindo, fungo la manyuchi a m'sitolo ya maswiti n'kulowa. Mmodzi mwa amuna a imvi aja anasendeza mpando wake n'kuyamba kukupiza gogoyo ndi pepala la malonda a golide, ndipo sanasiye mpaka kumapeto. Palibe anayankhula. Dzina la Bokul Mondal litatuluka pakhoma, anthu anawomba m'manja mpaka nkhunda za pawindo zinathawa. A Madhurekha sanawombe. Anangokhala, manja ali pamiyendo, akuwerenga zilembozo ndi milomo.

Magetsi atayaka, Arghya-da anali kale pakona ndi atolankhani, mpango atauvula tsopano. Ankawafotokozera kuti wosanja wabwino amamva zinthu zimenezi m'mafupa, kuti sizinangochitika mwangozi kuti kakanemako kakhale komaliza, ndi kuti mutu wa chaka chamawa udzakhala "Manja Osatchulidwa." Anafunsanso ngati pakati pawo pali amene akudziwana ndi kampani ya sopo.

Zeba ankakulunga mawaya. Tuhina anaima pambali pake osadziwa poika manja.

"Ambulera ija," anatero Zeba osakweza mutu. "Yothyoka nthiti. Ngati yathu ija ya ku siteshoni ya Sealdah, tsiku limene unandiperekeza koyamba."

"Sindikukumbuka."

"Wabodza. Unanyowa phewa lonse, n'kumati sukumva mvula." Anapukuta m'maso ndi mkono. "Fumbi la m'mawaya amenewa."

Galimoto ya Nilmoni-babu inali itapita ndi mwini wake, choncho Tuhina anatsika kukaitana takisi, n'kubwerera kudzatenga gogoyo. Pamwamba pa masitepe a Madhurekha anagwira mkono wake, kenako analoza Zeba ndi ndodo.

"Iwe wa makina, gwira mbali inayi. Kutsika n'kovuta kuposa kukwera."

Anatsika atatu, pang'onopang'ono, masitepe othina akuwapanikiza. Pakati, pamene anaima kuti apume, gogoyo anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo.

"Mumakhala limodzi?"

"Ndi wa lendi, Mashima," anatero Tuhina, pakamwa pakuyankha pokha monga pankayankhira wogulitsa mkaka.

"Ehe. Wa lendi." A Madhurekha anatenga dzanja la Zeba, analitembenuza, analiyang'anitsitsa pafupi ndi maso, n'kuliika pamwamba pa la Tuhina pamkono pawo, ngati munthu wosanja katundu kuti anyamulike bwino. "Bokul nayenso anabwera ngati wa lendi. Mpaka lero ndikudikira ya mwezi woyamba. Tiyeni, takisi ikudya ndalama."